Chigubu cha Madzi Onunkha

Ndinafika ku Chintheche ndi nthenda imene ndinaitenga ku Dedza: sindinkakhulupirira munthu. Ndinali mlangizi wa zaulimi, ndipo m'zaka zimene ndinagwira ntchito m'chigawo chapakati ndinaonako feteleza atasanduka mchenga m'matumba osokedwa bwinobwino. Ndinaonako mbuzi za gulu zitafa papepala koma zikudya msipu kuseri kwa nyumba ya mlamu wa msungichuma. Choncho munthu akandimwetulira kwambiri, ine ndinkayamba kuyang'ana chimene chasowa.

Inali nyengo ija mabungwe atachuluka ngati bowa, aliyense ndi galimoto yake yoyera. Bungwe lina linaganiza zomangira amayi ndi achinyamata a kufupi ndi Bandawe shedi yokonzeramo chinangwa. Munayenera kukhala mathanki atatu a simenti oviikamo, mathandala oyanikira ofoleredwa ndi pulasitiki, chigayo, ndi chipinda chosungiramo ufa. Amayi aziviika ndi kuyanika, achinyamata aziyendetsa chigayo ndi kukagulitsa ufawo m'masitolo mpaka ku Mzuzu. Ine anandipatsa ntchito ziwiri: kuyang'anira zomangazo, ndi kusunga pepala la maina a anthu olembedwa ntchito. Dzina likakhala papepala langa, munthu ali pantchito. Ndikalikhwatcha, basi, kwake kwatha.

Miyezi yonse yomanga ndinali ngati wapolisi. Matumba a simenti ndinkawalemba manambala ndi makala. Malata ndinkawawerenga m'mawa ndi masana. Amisiri ankacheza m'Chitonga n'kumaseka, ndipo popeza sindinkamva, ndinkangoti akuseka ine. Ndikatulukira, wina ankati, "Afika abwana a simenti," onse n'kugwa nalo phwete. Shedi inatha popanda kusowa ngakhale msomali umodzi. Mmalo mosangalala, zinandikwiyitsa. Ndinangoti anthuwa ndi ochenjera kuposa a kwathu, akundidikira pena.

Kondowole, nsima ya chinangwa ija, sindinkamufuna ngakhale kumuona. Kwathu chinangwa timatafuna chachiwisi kapena kuphika n'kumwera tiyi. Kuno chambiri ndi chowawa, chosadyeka mpaka utachisenda n'kuchiviika masiku angapo kuti chifewe ndipo kuwawako kuchoke. Amayi ankaviika m'zithaphwi zimene anakumba m'mbali mwa timitsinje, aliyense chake. Madzi a m'menemo anali otuwa, a thovu, ndipo fungo lake linkakulonjera uli patali. Tsiku loyamba kuziona ndinatseka mphuno ndi nsalu, amayi n'kumangondiyang'ana.

Ndiye pamaphunziro amene bungwelo linachititsa, mayi wina wa m'tauni atanena kuti mushedi simulowa madzi a m'chithaphwi, ine ndinaomba m'manja poyamba. Anati madzi azikhala a pamjigo okha, mathanki azitsukidwa ndi kolorini, ndipo gulu lophwanya lamuloli lidzalandidwa shedi n'kupatsidwa ena. Amayi onse anavomera, ena kusaina, ena kudinda chala. Lamulolo ndinalilemba ndekha ndi penti yofiira pakhoma la mkati, zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha chipatala.

Panali mayi wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene anzake anamusankha kuti atsogolere zoviika. Ndinkamudziwa kale chifukwa ankagulitsa ufa wa kondowole pamsika wa Chintheche. Makasitomala ake anali ife obwera: aphunzitsi, anamwino, ndi ophika a m'malo ogona alendo a ku Makuzi. Neba wanga, namwino wochokera ku Mulanje, sankagula kwa wina aliyense, ankati ufa wa mayi ameneyu ndi wokhawo wosamutsegula m'mimba. Mayiyu anali ndi ana asukulu, mwamuna wake anapita kunja kalekale ndipo anasiya kulemba makalata. Ntchito ya pashedi inali yoti imupumitse kukhala padzuwa pamsika.

Koma ine ndinali nditamuika kale m'diso. Malo amene tinamangapo shedi anadyako mizere ingapo ya munda wake, ndipo sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Munthu kulandidwa munda osadandaula? Kwa ine chimenecho chinali chizindikiro choti akusunga kanthu kukhosi. Komanso tsiku limene tinadzaza mathanki koyamba, iye anagogoda khoma la thanki ndi chala, n'kuweramira madziwo, kuwanunkhiza.

"Ama alangizi, majiwa ngakufwa," anatero.

"Madzi safa, mayi. Amenewa ndi madzi aukhondo."

Anangoti "Yewu," kutanthauza zikomo, n'kubwerera kumene anzake ankasenda chinangwa. Zikomo ameneyo sanandisangalatse.

Kunatsala milungu itatu kuti akuluakulu abwere kudzatsegulira shedi, ndipo tinkafuna adzapeze ufa wathuwathu uli m'matumba. Tinaviika chinangwa choyamba Lolemba. Lachiwiri ndinalawirira panjinga, monga ndinkachitira kawirikawiri pofuna kuona zimene zimachitika ine kulibe. Dzuwa linali litatuluka kale, asodzi akubwerera ndi nyali zawo m'manja. Chitseko cha shedi ndinachipeza chotsegula pang'ono. Nditasuzumira, ndinaona mayi wamtali uja ataima pathanki yachitatu, atapendeketsa chigubu chachikasu, akuthira madzi otuwa pachinangwa chathu. Fungo lija linali litadzaza kale chipinda chonse.

Kunena zoona, mtima wanga unasangalala. Miyezi yonseyo ndinkafunafuna wakuba osamupeza, lero ndamugwira munthu dzanja lili m'thumba.

"Mukuthira chiyani?"

Sanadzidzimuke. Anamaliza kuthira, n'kuika chigubucho pansi.

"Maji a m'chithaphwi changa, ama. Thanki yatsopano sidziwa ntchito. Ndikuiyambitsa."

"Mukuiyambitsa kapena mukutimaliza? Lamulo ili pakhomali simuliona?"

"Ndimaliona. Koma vigawu sivingafewe ndi maji a pamjigo okha." Vigawu ndiye chinangwa m'chinenero chawo.

Ndinalanda chigubu chija. Mawu akewo analowa khutu ili n'kutulukira linali. M'mutu mwanga nkhani inali itatha kale: munthuyu akubwezera za munda wake, akufuna ufa woyamba uwonongeke, akuluakulu adzatiseke, shedi itsekedwe.

Amayi ndi achinyamata atafika ndinawasonkhanitsa panja, pamaso pa shedi. Sindinasankhe malo obisika. Amisiri anali pomwepo akumalizitsa mpanda, ndipo anthu odikira minibasi pamsewu anayandikira atamva mawu anga, chifukwa ine ndikapsa mtima sindinong'ona. Ndinakweza chigubucho m'mwamba kuti aliyense achione.

"Mayi awa ndawagwira ndi maso angawa akuthira zonyansa m'chakudya cha anthu," ndinatero. "Abwera mozemba, kulibe munthu. Akuti ndi madzi a m'chithaphwi. Ndani akudziwa zimene asakanizamo? Ndani angalumbire kuti mulibe poizoni?"

Mawu akuti poizoni sanandipulumuke. Ndinawasankha, chifukwa ndinkafuna kuti nkhaniyo ilemere.

Amayi aja anangoti zii, aliyense maso pansi. Mmodzi ankakolopa dothi ndi chala cha kuphazi. Ndinatembenukira kwa wapampando wa gulu, mayi wonenepa wodziwa Chichewa bwino, amene ankakonda kundibweretsera nthochi.

"Amayi apampando, mukuti bwanji?"

Analankhula kanthawi m'Chitonga, motsitsa mawu, akuyang'ana mayi wamtaliyo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Lamulo ndi lamulo, alangizi. Tinasaina tonse."

Ndipo ndisanafunse n'komwe, anati ngati malowo atseguka, mlamu wake alipo, ndi munthu waukhondo kwambiri. Kufulumira kumeneko ndinakuona ndithu. Koma munthu wokayikira aliyense amakhala wofooka pamalo amodzi: akapeza womuvomereza, amasiya kufunsa. Ndinatulutsa pepala lija m'chikwama, n'kukhwatcha dzina la mayi wamtali ndi bolopeni yofiira, anthu onse akuona.

Iye sanalire, sanatukwane. Anangotambasula dzanja.

"Chigubu changa, ama. Ndimatungira."

Ndinakhuthula madzi otsalawo pansi n'kumuponyera. Anachitola n'kumapita.

Tsiku lomwelo ndinalamula kuti mathanki onse akhuthulidwe. Chinangwa cha m'thanki yachitatu tinachikwirira kudzenje. Achinyamata anakwecha makoma ndi maburashi, kolorini ndikuthira ndekha, muyeso wowirikiza. Tinaviika chinangwa china, ndipo pofuna kuti pasatsale kachilombo ngakhale kamodzi, ndinati madzi azisinthidwa tsiku lililonse, ndi kasupuni ka kolorini pamwamba. Makiyi ndinawalanda kwa wapampando n'kumayenda nawo m'khosi.

Kabuku ka kumaphunziro kankati masiku anayi. Tsiku lachinayi amayi anatulutsa chinangwa chimodzi, n'kumapatsirana, aliyense kuchidina ndi chala chachikulu. Chinali gwa ngati chongokumba kumene.

"Sichinapse, alangizi," anatero wapampando. "Tiwonjezere masiku."

"Angati?"

"Kaya. Mwina sabata. Mwina osapsa n'komwe."

Apo ndinati ndawatulukira. Akuchita dala kuti ndigonje, ndikamuitane mnzawo. Ndinawauza kuti ine sindidyeredwa masuku pamutu, chinangwa chivuulidwe lero lomwe. Popeza sichinkaphwanyika ndi manja monga chimachitira chofewa, ndinati achiduledule ndi mipeni. Tinachiyanika pansi pa pulasitiki paja, pamene pankatentha ngati mu uvuni, ndipo chinauma msanga. Achinyamata analiza chigayo. Ufa umene unatuluka unali woyera mbee, wosanunkha ngakhale pang'ono. Ndinauika m'manja n'kumauonetsa kwa aliyense ngati mwana wanga wabadwa.

"Aliyense atengeko kabeseni, akalawe kunyumba," ndinatero.

Palibe anasuntha. Wina anati sanabwere ndi chotengera. Wina anati amuna ake akudwala m'mimba. Wina anatapa pang'ono ndi chala, kuika palilime, n'kutulukira panja kukalavula. Wapampando anandiyandikira.

"Alangizi, ufawu musadye."

"Chifukwa?"

"Ngowawa."

"Kondowole yense ngowawa kwa ine. Mwapangana, eti? Chabwino. Ndikadya ndekha, mawa mudzandione ndikuyenda."

Ndinafika kunyumba masana n'kuphika. Ndinali ndisanaphikepo kondowole, moti anandivuta ngati ndikulimbana ndi phula, koma ndinamugonjetsa. Ndinadya ndi usipa, mitanda iwiri yathunthu, ndikumeza mwaukali. Kukhosi kunkawawa ndithu, koma ndinkati ndi mmene amakhalira.

Pasanathe maola ambiri denga linayamba kuzungulira. Mutu unkagunda, miyendo inalobodoka ngati ya munthu woledzera, ndipo ndinasanza mpaka kutuluka zobiriwira. Ndinakwawa kukagogoda pakhoma la neba wanga. Mwamwayi namwinoyo anali ataweruka. Anaimitsa njinga ya kabaza n'kundithamangitsira kuchipatala.

Ndili pabedi, madzi akulowa m'mkono, ndinamugwira dzanja neba wangayo.

"Ndi mayi uja," ndinanong'ona. "Wandilodza. Kapena ali ndi kiyi ina, analowa."

Mayi wina wachikulire wa konko, amene ankakolopa m'chipindamo, anaimika chokolopera chake.

"Mwadya vichi?"

Neba wanga anamufotokozera. Anali atatengako ufa pang'ono m'kapepala kuti adokotala auone. Mayi wokolopayo anatambasula dzanja, kutapa ndi chala, kulawa, n'kulavulira m'ndowa yake.

"Ufa uwu ngakhale nkhumba simungaipatse. Anaviika ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Chinafewa?"

"Ayi."

"Maji akale munathiramo?"

Ndinapukusa mutu.

Anaseka, koma osati mwachipongwe. Anaseka ngati mmene umasekera mwana amene wavala malaya chotembenuza. Anati chimene chimafewetsa chinangwa n'kutulutsa ululu wake chimakhala m'madzi akale aja. Chithaphwi chatsopano amachiyambitsa ndi madzi a chakale, ngakhale mtsikana wongoyamba kumene kusenda amadziwa. Thanki ya simenti yatsopano, yozizira, madzi osinthidwa tsiku ndi tsiku, kolorini pamwamba, chinangwa chingafewe bwanji? "Wakulodzani palibe, ama," anatero akutola chokolopera chake. "Mwadzilodza mwekha."

Ndinachita manyazi kuposa mmene ndinadwalira. Koma nthenda yanga ija sinathere pabedi pomwepo, inangosintha koloza. Nditatuluka ndinapita molunjika kwa wapampando. Ndinamupeza akuyanika zovala.

"Munkadziwa kuti mayi aja sankalakwa."

"Tinkadziwa."

"Nanga bwanji munakhala chete?"

Anafinya nsalu imene inali m'manja mwake mpaka inasiya kudontha.

"Alangizi, tinamutuma ndife. Chithaphwi chake ndicho chabwino kuposa vathu vonse. Tinapangana kuti athire m'mawa inu musanafike, ufa utuluke bwino, aliyense asangalale. Ndiye inu mwamugwira, mwaitana msewu wonse. Tikanati tonse tikudziwa, si mukanalemba lipoti kuti gulu laphwanya lamulo? Shedi ikanapita. Tinaona kuti bola mmodzi."

"Ndipo mlamu wanu anali pafupi."

"Malo akatseguka sayenera kukhala opanda munthu," anayankha osaphethira.

Mpaka lero sindidziwa ngati mayi ameneyu ankateteza shedi kapena anaona mwayi n'kuudumphira. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndi iye anasiya chitseko chotsegula pang'ono tsiku lija, podziwa kuti ine ndimalawirira. Nthawi zina ndimati ayi, ndi nthenda yanga yomweyo ikulankhula.

Loweruka ndinapita kumsika. Pamalo pamene mayi wamtali ankakhala ndi beseni lake panali mayi wina wogulitsa tomato. Ndinafunsa neba wanga ngati wamuonako.

"Anabwera masiku awiri, osagulitsa ngakhale mbale imodzi," anatero. "Anthu akuti amathira poizoni. Aphunzitsi asiya, ophika a kumalo a alendo asiya. Inenso ndinasiya, bodza n'loipa. Munanena ndinu, munthu wa boma, ndiye ife tikanatani?"

Apo m'pamene ndinaona kukula kwa chimene ndinachita. Anthu a m'mudzi ankadziwa zoona zake, koma iwo sagula ufa, aliyense ali ndi chithaphwi chake. Ogula ndi ife obwera, osadziwa kusiyanitsa madzi oviikira ndi poizoni, ndipo nkhani pakati pathu imayenda msanga, kutchalitchi, kusukulu, pamzere wa kuchipatala. Ndinamuchotsa pashedi, ndipo ndi mpweya womwewo ndinamuchotsanso pamsika.

Ndinatulutsa pepala lija, n'kulembanso dzina lake pansi, ndi bolopeni yakuda. Ndinadziuza kuti ndakonza. Lolemba ndinakwera njinga kupita kwawo.

Ndinamupeza kuchithaphwi, dzuwa lili pamutu. Anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, nsalu atakwinyira m'chiuno, akuvuula chinangwa n'kumaponya m'beseni. Chinkaphwanyika m'manja mwake ngati nthochi yakupsa. Nthawi imeneyi sindinatseke mphuno.

"Mwe uli, ama?" ndinayesa Chitonga changa chochepacho.

"Nde umampha. Mwachira?"

Anali atamva kale. Ndinakhala pansi, pamchenga wonyowa, n'kunena zonse. Ndinati ndinalakwa, ndinamunamizira, dzina lake labwerera papepala, mawa abwere kuntchito. Ndinalankhula nthawi yaitali, chifukwa kupepesa sindinakuzolowere ndipo ndinkangozungulira. Iye sanasiye kuvuula.

Nditamaliza anatuluka m'madzimo, n'kutenga chigubu chachikasu chija. Anachimiza m'chithaphwi mpaka chinasiya kubwibwitiza, anachitseka, n'kuchiika pamapazi panga.

"Thanki iliyonse muthire gawo lake. Maji musasinthe. Mankhwala anu aja mutsukire pansi, osati m'thanki. Mukavuula, musiyeko maji pang'ono a ulendo wotsatira."

"Zikomo, mayi. Koma mubwere mudzachite nokha. Ntchito ndi yanu."

Anapukuta manja pansalu yake, n'kundiyang'ana koyamba.

"Ama alangizi, ponditukwana munaitana anthu. Popepesa mwabwera mwekha."

Kenako anapitiriza.

"Ana anga kusukulu akuwatchula ana a mayi wa poizoni. Pepala lanu iwo saliona. Tsiku lotsegulira kudzabwera aphunzitsi, anamwino, a kumalo a alendo, onse aja ankandigula. Mukadzanena pamenepo, pachimkuzamawu, kuti m'chigubu munalibe poizoni, ine ndidzabwera kuntchito."

"Ndidzanena," ndinatero. "Ndikulonjeza."

Ndipo ndinkanena zoona. Pobwerera, chigubu chitamangidwa pakaliyala, ndinkayeseza mawuwo mokweza panjira.

Madziwo ndinathira ndekha, chitseko chotseka, pansi penipeni pa lamulo langa lofiira lija. Amayi atafika ananunkhiza mpweya n'kuyang'anana. Pa tsiku lachinayi chinangwa chinali chitafewa mpaka m'kati. Ufa wake sunali woyera ngati woyamba uja, koma aliyense anatengako, ndipo ena anabwera ndi mabeseni awiri.

Mawu opepesa ndinawalemba pakapepala, ziganizo zinayi zokha. Ndinakasunga m'thumba la bulauzi.

Tsiku lotsegulira linafika ndi matenti, mipando ya pulasitiki ndi magalimoto oyera aja. Amayi anavala nsalu zofanana, achinyamata masikipa atsopano. Kwaya ya kutchalitchi inaimba. Abwana anga anabwera kuchokera kuboma, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi mayi wa bungwe, wa m'tauni uja amene anatiphunzitsa. Kumbuyo kwawo kunali aphunzitsi, anamwino, ndi ophika a kumalo a alendo amene tinawaitana kuti adzaone ufa wathu. Onse amene mayi wamtali anawatchula analipo.

Iyenso anabwera. Sanalowe mumpanda. Anakhala panja pa geti, pansi pa mtengo wa mango, atavala nsalu yake ya kutchalitchi. Pambali pake panali beseni lalikulu la ufa lovundikiridwa ndi nsalu yoyera, ndi timbale toyezera tiwiri pamwamba. Anabwera atakonzeka kugulitsa. Anandikhulupirira, ine amene sindinkakhulupirira aliyense.

Mayi wa bungwe analankhula ine ndisanaitanidwe. Anati m'magulu onse amene anawamangira mashedi, ili ndi loyamba kusiyiratu madzi a m'zithaphwi. Anakweza thumba la ufa wathu, n'kunena kuti umenewu ndi umboni woti ukhondo umatheka. Anati zonsezi zatheka chifukwa cha mlangizi wolimba mtima, amene sanaope ngakhale kuchotsa munthu pofuna kuteteza miyoyo ya ogula. Anthu anaomba m'manja. Abwana anga anatembenuka n'kundigwedezera mutu, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire.

Kenako anandipatsa chimkuzamawu.

Ndinaimirira dzanja lili pathumba la bulauzi. Ndinayang'ana mayi wa bungwe, ndikuganiza kuti ndikanena, shedi ipita lero lomwe, ndipo amayi onsewa abwerera kunyumba chifukwa cha pakamwa panga. Ndinayang'ana wapampando, amene ankandimwetulira, ndikuganiza kuti mwina akungodikira ndidzikole ndekha kuti andisamutse. Ndinayang'ana abwana anga. Zifukwa zinabwera zambiri, zooneka bwino, ndipo chilichonse chinali ndi kachoonadi kake. Koma pansi pa zonsezo panali chimodzi chokha: m'manja muja munandikomera, ndipo sindinafune kuti musanduke kuseka.

Ndinathokoza bungwe. Ndinathokoza boma. Ndinathokoza amisiri, amayi, achinyamata, kwaya, ngakhale amene anatibwereka mipando. Ndinati tipitirize kugwirana manja pachitukuko. Kapepala kaja sikanatuluke.

Ndikukhala pansi, wapampando anandiweramira kukhutu.

"Mwalankhula bwino, alangizi."

Maso anga anali kugeti. Mayi wamtali anadikirabe pang'ono, mwina poganiza kuti ndiimiriranso. Mwambo utapita kwa wolankhula wina, anaika timbale tija mkati mwa nsalu, n'kumanga bwinobwino. Panalibe womusenzetsa, chifukwa anzake onse anali mkati, pamipando. Anagwada, kukokera beseni pabondo, kuchoka apo paphewa, kenako pamutu. Anaimirira pang'onopang'ono n'kulowera njira ya kwawo, osacheuka.

Ndinakhala ku Chintheche zaka zina zitatu. Dzina lake linakhalabe papepala langa nthawi yonseyo, koma pashedi sanapondepo, ndipo pamsika sindinamuonenso akugulitsa ufa.